Strobe yaing'ono pojambula mbuna ku Senga Bay

Mmodzi mwa owerenga, wa ku Salima, wanditumizira imelo. Ali ndi kamera ya Olympus TG-6 ndipo amajambula mbuna pachilumba cha Namalenje, koma zithunzi zimatuluka zobiriwira, ndipo akayatsa fulashi ya kamera zimadzaza timadontho toyera. Akufunsa ngati strobe yaing'ono, nyali yapadera yong'anima yojambulira m'madzi, ingathetse vutoli.

Achimwene, ingathetse ndithu, bola muziyandikira nsomba. Madzi amameza mtundu wofiira msanga, moti mukatsika mamita 5 umakhala utazilala kale. Strobe imaubweza mtunduwo, koma kuwala kwake kumayenda ulendo wopita ndi wobwera: kuchoka panyali kukafika pansomba, n'kubwereranso kukamera. Nsomba ikatalikira kuposa mita imodzi ndi theka, mukungotha mabatire. Mwayi wathu ndi wakuti mbuna yamphongo imalondera mwala wake, sipita kutali. Dekhani pambali pa mwalawo, ibwera yokha kudzakuonani.

Timadontho tija ndi tizinyalala ta m'madzi timene fulashi imawalitsa chifukwa chokhala pafupi kwambiri ndi diso la kamera. Apa ndiye pagona nkhani. Strobe muimange pamkono wautali, ikhale pambali, m'mwamba pang'ono, ndiponso kumbuyo kwa diso la kamera. Musailozetse pansomba mwachindunji ayi. Ipendekereni kunja pang'ono kuti nsomba ikhudzidwe ndi m'mphepete mwa kuwala, madzi a pakati panu ndi iyo akhale osawala. Ma strobe ngati Inon S-2000 amayaka potsatira fulashi ya kamera kudzera pachingwe cha fibre optic, choncho fulashiyo muiphimbe, kuwala kwake kuzingolowa m'chingwemo, apo ayi timadontho tibwereranso.

Mphamvu ya strobe muziisintha nokha, kuyambira patheka. Nsomba zonyezimira ngati utaka zimabweza kuwala ngati galasi, zimatuluka mbee popanda mamba ooneka, ndiye kwa izo chepetsani.

Nyengo nayonso musaiiwale. Mwera wa June mpaka August umavundula nyanja, ndipo nthawi yamvula mtsinje wa Linthipe umathira matope kufupi ndi zilumba za Maleri. Masiku otero ngakhale strobe yodula siingakupulumutseni. Kuyambira September mpaka November madzi amayera bwino. Kumbukiraninso kuti Maleri ili m'dera la Lake Malawi National Park, nsomba zake ndi zongojambula basi.

Mdani wamkulu pa Senga Bay ndi mchenga. Kamchenga kamodzi kapena tsitsi pa O-ring (kamphira kozungulira kotchinga madzi) ya chitseko cha mabatire a strobe n'kokwanira kulowetsa madzi. Muzitsekula muli m'nyumba, osati pagombe, pukutani, pakani girisi wake pang'ono chabe, ndipo mabatire akhale a AA otchajanso.

Koma ngati mumangosambira pamwamba masana dzuwa lili paliwombo, osatsika kupitirira mamita awiri, ine ndingati ndalamazo zisungeni kaye. Kuwala kwa dzuwa pamenepo n'kokwanira.