Ndapeza thirakitala yakale, ndigule kapena ndiyitaye?

FUNSO: Zikomo akonzi, ine ndapeza thirakitala yofiira ya Massey Ferguson ikugulitsidwa, mwini wake akuti ndi 135 koma mnzanga wina atawona chithunzi akuti ayi imeneyo ndi 35. Yangopentedwa kumene ikuwala bwino ndipo tsiku lomwe ndinapita inalira kamodzinkamodzi. Ndiyang'ane chani ndisanapereke ndalama? Ndikuyifuna yolimira komanso kukoka ngolo. — Wowerenga wathu

YANKHO: Achimwene mwachita bwino kufunsa musanalipire. Tiyambe ndi za dzinazo chifukwa nzosavuta. MF 35 inapangidwa kuyambira cha mu 1957 mpaka 1964 ndipo boneti yake ndi yozungulira kutsogoloku, pomwe 135 inabwera mu 1964 mpaka cha mu 1975 ndipo boneti yake ndi yamakona. Koma boneti anthu amasintha, masitika nawonso amagula nkumata, ndiye inuyo fufuzani kachitsulo kokhomedwa kolembedwa serial number, kamakhala pafupi ndi chiwongolero, mujambule nambalayo muyerekeze ndi mndandanda wa zaka womwe ogulitsa masipeya amakhala nawo. Kakakhala kochotsedwa kapena kopalidwa ine ndingabwerere pomwepo, makamaka ngati mapepala aumwini sakuwoneka.

Kenako werengani mapaipi opita ku ma injector, tizitsulo topopera dizilo mu masilinda a injini. Akakhala atatu ndiye Perkins ya masilinda atatu, injini yolimba kwambiri imene masipeya ake mpaka pano savuta. Akakhala anayi pa 35 ndiye kuti ndi zoyambirira zija za injini ya Standard 23C, zomwe zimadziwika ndi kuvuta kulira kukazizira, Perkins ija anayamba kuyika mu 1959.

Tsopano chomwe chandidetsa nkhawa nchoti mwati inalira kamodzinkamodzi. Kodi munagwira injini asanayilize? Ogulitsa ambiri amayiliza kaye inu musanafike kuti itenthe, ndipo injini yotha ikatentha imalira ngati yabwinobwino. Pitaniko mmamawa osanena nthawi, ikani dzanja pa injini muone kuti ndi yozizira, ndiye ayilize inu muli pompo mukuyang'ana utsi. Kautsi koyera pang'ono poyamba si nkhani, koma kakapitilira itatentha ndiye kuti dizilo sakupsa bwino kapena madzi akulowa mu silinda. Wabuluu ndi oyilo akupsa, ma ring atha amenewo. Wakuda nthawi zambiri ndi ma injector kapena fyuluta ya mpweya yatsekeka, zimenezo nzokonzeka. Yang'ananinso kapaipi kopumira injini kammbali, kakamafuka utsi wambiri ndi kudontha oyilo dziwani kuti posachedwa mutsegula injini. Solomolani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo mu injini, oyilo akaoneka ngati wasakanikirana ndi mkaka ndiye kuti madzi alowa. Tsegulani rediyeta ikadali yozizira, osati itatentha chonde mupsa, ndiye ikamalira muone ngati madzi akutulutsa thovu, limenelo ndi vuto la head gasket, chomatira pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake lotchedwa block.

Penti watsopanoyo asakukopeni. Ine ndimakonda thirakitala yosuluka yomwe ndikuwona pomwe ikudontha kusiyana ndi yowala yomwe apenta mpaka pamwamba pa girizi ndi matope. Yendetsani chala pa block ndi pa ekiselo kusaka mng'alu kapena pomwe anawotcherera.

Poti mukufuna kulimira, ma hydraulic, omwe amakweza ndi kutsitsa pulawo, ndiye mtima wake. Amangirire pulawo kumbuyo, ayikweze oyilo atatentha, muone ngati ikukwera bwino kapena ikunjenjemera nkumatsika nkukweranso yokha, kenako azimitse injini pulawo ili mmwamba. Ikagwa pansi nthawi yomweyo mkatimo mukutaya oyilo. Manja onyamula pulawo akakhala opanda katundu amakwera ngakhale pampu itatheratu ndiye musalole kuti akuwonetseni opanda kanthu. PTO, chitsulo chozungulira cha kumbuyo choyendetsera zipangizo zina, nayo yesani, ngati ili ndi kilatchi ya masiteji awiri mukaponda mpaka pansi iyenera kulowa osakukuta.

Mukatero ikwereni nokha, magiya onse kuphatikizapo livesi, high ndi low, muone ngati ina ikutuluka yokha. Pondani buleki iliyonse payokha, ikakanika kugwira kawirikawiri ndi oyilo wodontha pa seal ya ekiselo. Chiwongolero chisamazungulire kwambiri matayala asanatembenuke. Za mita ya maola musazikhulupirire kwenikweni, zambiri zinafa kalekale, bola muone mmene mapedulo aperepesekera. Matayala akumbuyo akakhala ong'aluka muchotsere pamtengo chifukwa ndi odula zedi.

Chomaliza ndipo ichi ndikunena ndi mtima wonse, zambiri mwa zakalezi zilibe chitsulo chotchinjiriza dalaivala ikagubuduzika, ndiye mukagula ikitsani, ndipo ngolo muzikokera pa drawbar, chitsulo chokokera chomwe chili pansi, osati pamwamba pa ekiselo chifukwa imatha kudzuka kutsogolo nkukugwerani. Ulendo wachiwiriwo mutenge makaniko wanu wodziwa za dizilo, osati amene akupatseni wogulitsayo.