Adiveti yanga aibweza, ati mawu akwera: kodi -23 LUFS n'chiyani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Blantyre amene amaedita mavidiyo a malonda ndi madokyumentale. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi: anatumiza adiveti ya masekondi 30 ku siteshoni ina ya kanema, ndipo inabwerera ndi uthenga wakuti mawu ake ali pa -16 LUFS pomwe iwo amalandira -23 LUFS, komanso true peak isapitirire -1 dBTP. Chikuwadabwitsa n'chakuti mita ya pa kompyuta yawo sinafike pofiira ngakhale kamodzi. Kwinaku mwini malonda akuumirira kuti adivetiyo izimveka mwamphamvu kuposa za anzake. Ndiye akufunsa kuti manambalawa akunena chiyani, nanga atani kuti asayambane ndi siteshoni kapena kasitomala.

Achemwali, mita yanu sinakunamizeni ayi. Kungoti imene mukuyang'anayo imayeza peak, kutanthauza pamene mafunde a mawu afika pamwamba penipeni pa kanthawi kochepetsetsa. Ntchito yake ndi kukuchenjezani kuti musagunde denga la 0 dBFS, pamene mawu amayamba kusweka. Khutu la munthu silimva choncho. Wina akawomba m'manja kamodzi pafupi ndi maikolofoni, mita imalumpha mpaka pamwamba koma palibe amene angati kwasokosa. Nyimbo yopanikizidwa ndi compressor (chida chochepetsa kusiyana kwa mawu okwera ndi otsika), yosapuma ngakhale pang'ono, ingathe kukhala pansi pa mzere wofiira nthawi yonse koma n'kumaboola m'makutu. Kudalira peak kuli ngati kuyeza zokolola za m'munda poyang'ana phesi lalitali kuposa onse.

Kwa zaka zambiri masiteshoni ankalondera peak yomweyo basi. Ku BBC mita yawo ya peak yotchedwa PPM ili ndi manambala 1 mpaka 7, ndipo lamulo linali loti singano isadutse pa 6. Pa zipangizo za digito ku Ulaya, toni yoyesera ya 1 kHz ankaiika pa -18 dBFS ndipo malire a pulogalamu anali -9 dBFS. Opanga malonda sanachedwe kuona mpata. Ukapanikiza mawu onse kuti atsamire kumalire kuyambira poyamba mpaka pomaliza, lamulo sunaswe, koma adiveti yako imaphulika ikangotha sewero limene anthu amalankhula modekha. Mnzako akaona, naye amapanikiza kuposa iwe. Wovutika anali woonera, amene ankangokhalira kugwira rimoti. Ku America madandaulo anachuluka mpaka phungu wina, Anna Eshoo, anabweretsa bilu imene inasanduka lamulo la CALM Act. Barack Obama analisaina mu Disembala 2010, ndipo bungwe loyang'anira mawailesi ndi makanema kumeneko la FCC linayamba kuligwiritsa ntchito pa 13 Disembala 2012.

Lamulo lotere silikanatheka popanda njira yoyezera imene aliyense angavomereze. Njirayo inatuluka mu 2006 kuchokera ku bungwe la dziko lonse loona za matelefoni ndi mawailesi la ITU, ndipo dzina lake ndi BS.1770. Imayamba ndi kusefa mawu kuti afanane ndi mmene khutu limawalandirira: mabesi akuya kwambiri amachepetsedwa mphamvu, pomwe mawu opyapyala, kuyambira cha m'ma 2 kHz kupita m'mwamba, amawonjezeredwa pafupifupi 4 dB. Sefa ameneyu amatchedwa K-weighting. Kenako imatenga avereji ya mphamvu ya tchanelo iliyonse n'kuphatikiza. Pa 5.1 (matchanelo asanu ozungulira womvera ndi imodzi ya mabesi) matchanelo akumbuyo amawerengedwa mokwera ndi 1.5 dB, ndipo tchanelo ya LFE, ya mabesi aja, siwerengedwa n'komwe. Zotsatira zake ndi nambala imodzi yosonyeza kukwera kwa mawu mmene khutu limawamvera. A ku Ulaya amailemba LUFS, a ku America LKFS, koma ndi chinthu chimodzi. Kusiyana kwa manambalawa kumayezedwa mu LU, ndipo kusiyana kwa 1 LU n'kofanana ndi 1 dB.

Nambala ya -23 inachokera ku bungwe la masiteshoni a ku Ulaya la EBU, m'chikalata chawo cha R128 cha mu 2010, chimene anakonza akatswiri otsogozedwa ndi Florian Camerer wa ku ORF ya ku Austria. Siteshoni imene yakubwezerani ntchitoyo ikutsata chikalata chimenechi.

Ndiye yankho lachangu mwaliona kale. Kuchoka pa -16 kufika pa -23 ndi 7 dB. Tsitsani fader ya master (chokwezera ndi kutsitsira mawu onse pamodzi) ndi 7 dB, yezaninso, tumizani, ailandira. Ngati nthawi yakutherani chitani zimenezo lero lomwe. Koma ine sindingakulangizeni kuti muzigwira ntchito choncho, chifukwa adiveti imene inapanikizidwa kuti ifike -16 ikatsitsidwa imamveka yofinyika, yopanda moyo. Peak yake imakakhala kutali pansi pa -1 dBTP, malo onse apakatiwo osagwiritsidwa ntchito. Mnzanu amene sanapanikize, ng'oma zake zimagunda bwino, mawu a wolengeza amapuma, ndipo pa nambala yomweyo ya -23 yake ndi imene imamveka yamphamvu.

Izi ndi zimene muwafotokozere akasitomala anu, mwaulemu koma mosabisa. Kumene siteshoni imayeza LUFS, mpikisano wokweza mawu unatha. Mukawatumizira yokwera, mwina aibweza monga achitiramu, kapena makina awo a kumapeto, amene amayang'anira mawu asanapite pa mphepo, aitsitsa okha. Makinawo alibe chisoni: amatsitsa mochedwa, n'kukwezanso pamene simunafune, nyimbo n'kumachita ngati ikupuma befu. Chimene chatsala m'manja mwanu ndi kumveka bwino kwa mawu a munthu komanso kusiyanitsa. Sekondi imodzi yachete dzina la katundu lisanatchulidwe imakopa khutu kuposa compressor iliyonse.

Tsopano tiyeni pa mita yeniyeniyo, chifukwa mukaitsegula mupeza manambala angapo ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa. M, momentary, imayang'ana mamilisekondi 400 apitawa, n'chifukwa chake imavinavina. S, short-term, imayang'ana masekondi 3, ndipo ndi imene ndimaikonda posakaniza mawu chifukwa imayenda mofanana ndi mmene khutu likumvera. I, integrated, ndi ya pulogalamu yonse kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Imeneyi ndiyo iyenera kukhala -23. Osalimbana ndi M kuti ikhazikike pa -23. Mukatero ndiye kuti mwapha kusiyana konse kwa kunong'ona ndi kufuula.

Nambala ya I ili ndi kachinsinsi kake kotchedwa gate, kamene kanalowa mu BS.1770 m'chaka cha 2011. Mita imadula pulogalamu m'tizidutswa ta mamilisekondi 400 tolowerana. Choyamba imataya tonse tomwe tili pansi pa -70 LUFS, komwe kuli zii. Ikatero imapeza avereji ya totsalato, n'kutayanso tonse tomwe tili pansi pa averejiyo ndi 10 LU kapena kuposa. Zotsalazo ndiye zimapereka nambala yomaliza. Phindu lake mudzaliona pa madokyumentale anu. Tiyerekeze muli ndi mphindi zitatu za nyanja m'mamawa, mafunde okha ndi mbalame chapatali, kenako mfumu ya m'mudzi ikuyankhula. Popanda gate, bata lija likanakokera avereji pansi, inu n'kukweza zonse, mfumu ija n'kumamveka ngati ikukalipa. Gate imachititsa kuti chiyezo chitsamire pa mawu amene woonera amakonzera voliyumu yake. Imatsekanso njira ya ochenjera amene akanaika bata lalitali kuti abise gawo lophokosera.

Pa zinthu zifupizifupi ngati adiveti yanu, EBU inawonjezera malire ena: S isapitirire -18 LUFS. Cholinga n'chakuti munthu asanong'one masekondi 25 kuti adzagonthetse anthu m'masekondi 5 omaliza. Palinso nambala ya LRA imene imaonetsa kutalikirana kwa magawo otsika ndi okwera. Pa masekondi 30 musaivutikire, ilibe zokwanira zoti iwerenge. Pa dokyumentale ndi yothandiza, makamaka mukakumbukira kuti oonera athu ambiri ali ndi TV ya sipika zing'onozing'ono, ana akusewera pakhomo, mwina jenereta ikulira kuseri. Mawu otsika kwambiri kumeneko amangosowa.

Za true peak, imene imayezedwa mu dBTP ija, n'zachidule. Mawu a digito ndi timadontho 48,000 pa sekondi, ndipo mita wamba imawerenga timadontho tokhato. Mafunde enieni akamabwezeretsedwa kuti apite ku sipika amatha kukwera kupitirira timadontho tiwiri toyandikana. Mita ya true peak imachulukitsa timadonthoto kanayi kuti ione zapakatipo. Komanso mawu asanafike pa dikoda ya Kiliye Kiliye kapena ya DStv amakhala atafinyidwa kuti achepe, ndipo kufinyako kumatha kukweza nsonga pang'ono. N'chifukwa chake amasiya mpata wa 1 dB, ena 2 kapena 3. Ikani limiter ya true peak (chida choletsa mawu kudutsa malire) kumapeto kwa master, ikhale ngati mlonda chabe, osati chida chokwezera mawu.

Kagwiridwe kanga ka ntchito ndi aka. Ndimasewera pulogalamu imene ndikudziwa kuti ili pa -23, n'kukonza voliyumu ya masipika mpaka wolankhula amveke ngati ali nane m'chipinda. Pamenepo ndimamata kathepi pa batani la voliyumu ndipo sindiligwiranso. Ichi ndi chinthu chimene achinyamata ambiri amachinyozera, koma chimagwira ntchito kuposa pulagini iliyonse: voliyumu ikakhala malo amodzi, khutu lanu limasanduka mita, chokwera chimakupwetekani, chotsika mumachisowa. Ndimayamba ndi mawu a anthu okha, ndiwalinganize kuti S izizungulira cha pa -23. Nyimbo ndi zina zimabwera pambuyo, pansi pa mawuwo. Ndikamaliza ndimayeza fayilo yonse, ndipo kawirikawiri ndimakhala ndaphonya ndi 1 kapena 2 LU, zimene fader ya master imakonza popanda kuwononga kanthu. Pa fayilo yojambuliratu lozani pa -23.0 penipeni, pa pulogalamu ya live, monga mpira kapena msonkhano, R128 imalola kuphonya ndi 1 LU kumwamba kapena kumunsi.

Zida simufunika kugula. DaVinci Resolve ili ndi mita ya LUFS pa tsamba la Fairlight, Premiere Pro nayo ili nayo, ndipo Audition ili ndi Match Loudness. Youlean Loudness Meter ili ndi mtundu waulere. Okonda kulemba malamulo pa kompyuta, ffmpeg ili ndi ebur128 yoyezera ndi loudnorm yokonzera, ngakhale loudnorm mukaiyendetsa kamodzi kokha imatha kupanikiza mawu mwa iyo yokha, choncho yezani kaye kenako muipatse manambalawo.

Musaganize kuti -23 ndi ya kulikonse. Ku America chikalata cha ATSC A/85 chimanena -24 LKFS, ndipo Japan ndi Australia nawo ali pa -24. Netflix imafuna -27 LKFS, koma poyeza mawu a olankhula okha. YouTube imatsitsa zimene zakwera kupitirira pafupifupi -14. Ndiye adiveti ya -23 mukaiponya pa Facebook kapena pa WhatsApp, pa sipika ya foni idzamveka yofooka, ndipo kasitomala adzakuimbirani usiku. Tulutsani mafayilo awiri kuchokera pa ntchito imodzi, ya siteshoni ndi ya pa intaneti, ndipo mulembe nambala ya LUFS m'dzina la fayilo kuti asasokonezeke potumiza. Musanayambe ntchito ina iliyonse, pemphani pepala la zofunikira zaukadaulo ku siteshoni kumene ikupita.

Msampha umodzi womaliza, chifukwa umagwira ngakhale akale pa ntchitoyi. Mawu a mono amene ali pa tchanelo imodzi amawerengedwa motsika ndi 3 LU poyerekeza ndi mawu omwewo ataikidwa kumanzere ndi kumanja. Mukayeza fayilo ya mono n'kupeza -23, kenako n'kuitulutsa ngati stereo, siteshoni idzapeza -20 ndipo idzakubwezeraninso. Yezani fayilo yomalizayo, imene mukutumizayo, osati timeline imene mukueditirapo.