Nditumize ndalama za munda ndili ku Joni?

FUNSO: Zikomo a Mlangizi. Ndakhala ku Johannesburg zaka 6, ndimagwira ntchito ya zomangamanga. Ndasunga kangachepe ndipo alamu anga andipezera malo okwana maekala 8 ku Mchinji. Wogulitsayo akuti unali munda wa malemu mayi ake, ndipo anyakwawa avomera kulemba kalata. Alamu akuti nditumize ndalama sabata ino chifukwa pali winanso amene akuwafuna malowo. Ine ndikufuna kulimapo fodya, poti ndi fodya amene anandiphunzitsa sukulu. Nditumize? Wowerenga wanu, Johannesburg.

YANKHO: Achimwene, ndalamazo zibakhala kaye m'thumba. Mawu oti "pali winanso akuwafuna" ndawamva kwa wogulitsa njinga, wogulitsa mbuzi, ngakhale wogulitsa wailesi yakufa. Munda suthawa.

Chimene chandiimitsa m'kalata yanu ndi mawu oti munda wa malemu mayi ake. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno kwa Achewa munda umayenda ndi mbumba. Mayi akamwalira, amene ali ndi mawu pa mundawo ndi ana ake aakazi, abale ake a mayiyo, komanso mwinimbumba, amalume aja. Mwana wamwamuna mmodzi sangadzuke n'kugulitsa yekha. Kodi alongo ake a wogulitsayo akudziwa? Nanga amalume ake ali kuti?

Ndikufunsa chonchi chifukwa zinandionekera ine mwini. Ndili pa ntchito ya ulangizi ndinagula maekala 3 kwa mnyamata wina, kalata ya mfumu ili m'manja, chidindo chofiirira bwinobwino. Ndinazula zitsa, ndinathira manyowa ngolo zingapo, chimanga chinachita kuda bii. Chaka chachiwiri kunatulukira mkulu wina wochokera ku Zambia, akuti ndi malume wake wa mnyamatayo, ndipo palibe anamuuza. Tinakhala pabwalo katatu. Mapeto ake ndinasiya ekala imodzi ndi theka, komwe kunali manyowa ambiri komweko. Mnyamata uja ndalama anali atadya kalekale.

Tsono chitani izi. Mukabwera pa tchuthi cha Khirisimasi, pemphani kuti akuitanireni mbumba yonse, anyakwawa, a gulupu ndi eni minda yoyandikana nayo. Yendani nawo m'malire ndi miyendo yanu, ngodya iliyonse mukhomepo chizindikiro kapena mubzalepo khonje onse akuona. Maekala a pakamwa amachepa akakumana ndi tepi, ndiye muyezetse; hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Kenaka mupite ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Mchinji. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, linabweretsa makomiti a malo otsogoleredwa ndi a gulupu ndiponso njira yolembetsera munda ku boma. Kalata ya anyakwawa payokha si chikalata cha umwini. Ku ofesiko mukafunse ngati lamulo likulola kuti malo amenewo agulitsidwe, komanso ngati sali mkati mwa esiteti yakale. Ku Mchinji ndi ku Kasungu kuli maesiteti ambiri a fodya amene anthu anatengera lizi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Ena anagonera, anthu n'kuyamba kulimamo ngati minda ya makolo, koma pepala lake likadali m'dzina la munthu wina.

Ubwino wobwera mu Disembala kapena Januwale ndi woti mudzaona munda mvula ikugwa. M'chilimwe munda uliwonse umaoneka waulemu. Dzinja ndi limene limaulula pamene madzi amadikha, pamene pali zigwembe, ndiponso ngati galimoto ingafikeko kukatenga matumba. Mukasuzumirenso m'chimanga cha oyandikana nawo. Chikakhala chachikasu, chopinimbira, ndiponso anthu akukuuzani kuti kaufiti amavuta, dziwani kuti nthakayo inaguga ndipo mudzayamba mwaidyetsa musanadyeko inu. Tengani dothi pang'ono m'malo angapo, alangizi a m'deralo akuthandizeni kukaliyezetsa ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze.

Za fodya, ndikumvetsa. Ambiri a ife fizi inachokera m'chigafa. Koma fodya safuna mwini wake akhale ku Joni. Nazale imayamba mvula isanagwe, ndipo imafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo. Kenaka kuwokera, kubandira, kudula nsonga ndi kuphata, kuthyola, kusoka, kupachika, kusankha magiredi, kudinda mabelo, mpaka kudikira ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Pamafunikanso kulembetsa ku Tobacco Commission, bungwe loyang'anira za fodya. Pa ntchito zonsezi, imodzi yokha ikachedwa sabata, giredi yatsika. Ndipo amene amawerenga mabelo ndi amene ali pafupi ndi chigafa, osati amene ali pa WhatsApp. Sindikunena alamu anuwo, sindikuwadziwa.

Ndikanakhala ine, chaka choyamba ndikanagawa chonchi: maekala 3 soya, maekala 2 mtedza, maekala 2 chimanga, ekala yotsalayo mitengo, yomwe idzakhale milimo ya chigafa mukadzabwerera kumudzi. Nthaka ya ku Mchinji imagwirizana ndi mbewu zitatuzi. Soya ndi mtedza sizilira feteleza ngati chimanga, zimasiyanso chonde m'nthaka, ndiye chaka chotsatira mumasinthanitsa: pomwe panali soya pabwere chimanga, ndipo kaufiti amachepa. Soya musaiwale kusakaniza ndi inokyulanti, mankhwala othandiza mizu yake kupanga chonde, pobzala. Mtedza, kaya CG7 kaya Chalimbana wathu wakale uja, uume bwino usanalowe m'thumba, chifukwa chuku chikalowa ogula akuluakulu amaukana. Chimanga mizere italikirane masentimita 75, mbewu imodzi pa phando, mapando masentimita 25, ndipo feteleza wokulitsa ndi wobereketsa agulidwe mvula isanayambe.

Mbewu zimenezi zilinso ndi khalidwe lina limene munthu wakutali amalikonda: zimasungika. Mavenda akabwera ndi masikelo awo mu Epulo ndi Meyi, mitengo ili pansi, mutha kuuza alamu kuti atseke chitseko, mudzagulitse miyezi ingapo ikadutsa.

Alamuwo muwayankhe kuti mukubwera mu Disembala. Wina uja akagula malowo musanafike, mlekeni agule. Akakumane ndi amalume ndi iyeyo.