Mapiritsi a BP mutapemphereredwa

Achemwali, musasiye mapiritsi a BP aja, ngakhale munapemphereredwa ndipo thupi likumva bwino. Kumwa mankhwala si kuchepa chikhulupiriro. Paulo anatchula Luka kuti sing'anga wokondedwa (Akolose 4:14), ndipo Yesu mwini anatuma akhate khumi kuti akadzionetse kwa ansembe (Luka 17:14).

Ndikunena izi mtima ukuwawa. Mayi anga ku Ndirande anataya mapiritsi awo m'chimbudzi atamva ulaliki woti achira. Patangotha miyezi iwiri tinathamangira nawo ku Queens usiku, pakamwa patapotoka, dzanja lamanja litalefuka. Mpaka lero kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri.

Pempherani ndithu, koma pitaninso akakuyezeni. Adokotala ndi amene anganene zochepetsa mankhwala. Mutu ukamawawa kwambiri kapena maso akachita chidima, musadikire kuti kuche.