Mafunso a Owerenga: Ndili ndi Ryzen 5 5600G, ndigule motherboard ndi RAM ziti?

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndimajambula zithunzi ndi mavidiyo pa maukwati ndi pa zinkhoswe kuno ku Zomba, koma laputopu yanga yatopa moti kukonza vidiyo ya ukwati umodzi kumandigoneka m'bandakucha. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anditumizira purosesa ya AMD Ryzen 5 5600G pamodzi ndi fani yake, ndipo akuti pobwera ku tchuthi cha Khirisimasi adzanditengera motherboard ndi RAM, bola ndiwauze mayina enieni. Mnzanga wina akuti ndigule RAM ya mtundu wa DDR5 chifukwa ndi yatsopano ndiponso yothamanga, pomwe ine ndimaganiza zozula RAM ya 8 GB m'laputopu yakaleyi n'kuiika m'kompyuta yatsopano kuti ndipulumutse ndalama. Ndiwauze agule chiyani?
Wojambula wa ku Zomba

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kufunsa katunduyo asanagulidwe, chifukwa chinthu chogulidwa ku Johannesburg chikafika ku Zomba n'kukana kulowana ndi chinzake, kuchibweza kusitolo ndi ulendo wina wa masiku awiri pa basi. Pomanga kompyuta, purosesa ndiyo imalamula: iyo imasankha motherboard, lomwe ndi bolodi lalikulu lolumikizapo zipangizo zonse, ndipo ziwirizi pamodzi zimasankha RAM, pamene kompyuta imasunga kwa kanthawi zimene ikugwirapo ntchito. Popeza purosesa muli nayo kale, ntchito yatsala ndi yopeza zimene zikugwirizana nayo, osati zimene zili zatsopano pa msika.

Ryzen 5 5600G imakhala pa socket, kutanthauza mpata wa purosesa pa motherboard, yotchedwa AM4, ndipo motherboard iliyonse ya AM4 imalandira RAM ya DDR4 yokha. DDR5 imene mnzanuyo akunena imayenda pa AM5, imene AMD inatulutsa mu 2022, komanso pa ma motherboard ena a Intel, koma purosesa yanu singakhale pa AM5. Ngakhale DDR4 ndi DDR5 zonse zili ndi mapini 288 ndipo pongoziyang'ana zimafanana, kamng'alu ka pansi pake kanaikidwa pamalo osiyana mwadala kuti munthu asalakwitse, choncho mukaikakamiza mudzathyola mpata wa pa motherboard. Ganizo lanu la RAM ya m'laputopu nalonso silingatheke. RAM ya laputopu ndi yaifupi, ya mtundu wa SO-DIMM, ndipo ngati ili ya DDR4 imakhala ndi mapini 260, motero singalowe m'mpata wautali wa kompyuta ya patebulo. Isiyeni momwemo kuti laputopuyo izikuthandizanibe mukapita kukajambula kutali.

Pa motherboard za AM4 zimene zikupezekabe m'masitolo, mudzakumana ndi mayina atatu kawirikawiri: A520, B450 ndi B550. Ine ndikukulangizani B550 ya msinkhu wa micro-ATX yokhala ndi mipata inayi ya RAM, kaya ndi ya ASUS, MSI, Gigabyte kapena ASRock. A520 ndi yotsika mtengo ndipo purosesa yanu ingayende pamenepo, koma zambiri zotchipitsitsa zimabwera ndi mipata iwiri yokha ya RAM ndiponso zopanda zitsulo zoziziritsa pa tizipangizo timene timapereka magetsi ku purosesa. Tizipangizo timeneti, timene timazungulira socket, ndi timene timatentha kwambiri pamene kompyuta ikutulutsa vidiyo kwa ola lathunthu mitima yonse 6 ya purosesa ikugwira ntchito, ndipo m'mwezi wa Okutobala m'chipinda cha malata kusiyana kwake kumaoneka. Dziwaninso kuti B550 imatchuka chifukwa cha PCIe 4.0, njira yothamanga yolumikizira zipangizo ku purosesa, koma 5600G imalekera pa PCIe 3.0, choncho musawononge ndalama pa SSD (chosungira mafayilo) yothamanga koposa poganiza kuti mudzaona liwiro lake lonse. Phindu limenelo mudzalipeza tsiku limene mudzasinthe purosesa.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna muwauze achimwene anuwo momveka bwino, ndiwo wa BIOS, kapulogalamu ka m'motherboard kamene kamadzutsa kompyuta mukaiyatsa. Ma motherboard a B450 anatuluka mu 2018 ndipo a B550 mu 2020, pomwe 5600G inayamba kugulitsidwa payokha mu 2021. Motherboard imene yakhalitsa pa shelefu ikhoza kukhala ndi BIOS yakale yosaizindikira purosesa yanu, ndipo zikatero mukayatsa mafani amazungulira koma sikirini imangokhala bii. Ndaonapo mnyamata wina atanyamula bokosi lonse la kompyuta pa kabaza kupita nalo kwa okonza, akukhulupirira kuti anamugulitsa katundu wakufa, pomwe vuto linali laling'ono lomweli. Achimwene anu ayang'ane pa katoni chizindikiro chonena kuti motherboard ndi yokonzekera Ryzen 5000, atsegulenso tsamba la kampani yopanga motherboard pa intaneti n'kuona ngati 5600G ili pa mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka. Koposa zonse asankhe yokhala ndi kabatani kumbuyo kolola kusintha BIOS ndi fulashi popanda purosesa, kamene ASUS imakatcha BIOS FlashBack, MSI Flash BIOS Button, ndipo Gigabyte Q-Flash Plus.

Asanalipire atembenuze katoniyo aone chithunzi cha kumbuyo kwa motherboard. Pakhale HDMI kapena DisplayPort yogwirizana ndi sikirini yanu, chifukwa chilembo G pa dzina la purosesa chikutanthauza kuti zithunzi zimachokera m'purosesa momwemo ndipo zimatulukira pa motherboard. Ngati intaneti mumaitenga pa foni kapena pa karauta ka m'thumba, agule yolembedwa WiFi pa dzina lake, poti zambiri zotsika mtengo zili ndi pobayira waya wa intaneti pokha. Bokosi la kompyuta limene mudzagule likhale lolandira micro-ATX, imene sipitirira mamilimita 244 mbali zonse. Mabokosi akale a m'maofesi a Dell ndi HP, amene amapezeka motchipa kwa ogulitsa katundu wogwiritsidwapo ntchito, nthawi zambiri ali ndi mabowo a masikuluwu ndi mawaya a magetsi a mtundu wawo okha, ndiye musawadalire musanayeze.

Tsopano za RAM, pamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri. Purosesa yanu ilibe RAM yakeyake ya zithunzi monga zimakhalira ndi graphics card, chipangizo chapadera chopangira zithunzi, motero imabwereka ku RAM yaikulu yomweyo. Pa chifukwa chimenechi, kugula RAM imodzi ya 16 GB m'malo mwa ziwiri za 8 GB kuli ngati kutsekera magalimoto onse mbali imodzi ya msewu: kukula kwake n'kofanana, koma njira yopita ku purosesa yachepa ndi theka. RAM ziwiri zimayenda mu dual channel, kutanthauza njira ziwiri nthawi imodzi, ndipo pa 5600G kusiyanako mudzakuona ndi maso mukamayendetsa vidiyo m'pulogalamu yokonzera. Pa ntchito yanu, 16 GB ndi poyambira ngati mumajambula 1080p, koma ngati thumba lingalole ndiponso mukulingalira za 4K, auzeni agule ziwiri za 16 GB kuti zikwane 32 GB. Zikhale za DDR4-3200, lomwe ndi liwiro limene AMD imavomereza pa purosesa imeneyi, ndipo yolembedwa CL16 imayankha msanga, motero ndi yabwinoko kuposa ya CL22 ngati mtengo sukusiyana kwambiri. Zigulidwe m'paketi imodzi. Kuphatikiza RAM za makampani osiyana nthawi zina kumayenda, koma kukakana, kompyuta imazima pakati pa ntchito popanda chenjezo, ndipo simungafune zimenezi vidiyo ya mkwatibwi itatsala pang'ono kutha. Nyale zamitundumitundu za pa RAM sizionjezera liwiro lililonse.

Poika, musangolowetsa m'mipata yoyandikana. Pa ma motherboard ambiri a mipata inayi, RAM ziwiri zimalowa mu A2 ndi B2, kutanthauza mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa, koma tsimikizani m'kabuku kobwera m'katoni. Kanikizani mbali zonse ziwiri mpaka timaloko ta m'mphepete timveke kuti tha. Purosesa ya AM4 ili ndi mapini ake pansi, opyapyala ngati ubweya wa chitedze, choncho muigwire m'mphepete, mulunjikitse kachizindikiro ka makona atatu ndi kanzake ka pa socket, ndipo igwere yokha musanatsitse kachitsulo kotsekera. Apa m'pamene mawu a akulu oti kuona maso a nkhono n'kudekha amagwira ntchito.

Mukayatsa koyamba, lowani mu BIOS n'kutsegula XMP, imene imalola RAM kuyenda pa liwiro lake lonse ndipo pa ASUS imatchedwa DOCP, apo ayi RAM yanu ya 3200 ikhoza kumayenda pa 2133 kapena 2400 inu osadziwa. Onaninso mu BIOS momwemo kuti fTPM, yomwe ndi TPM (chida cha chitetezo) ya m'purosesa, ndi yoyatsa, popeza Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Kenako ikani pulogalamu ya MemTest86 pa fulashi muisiye iyese RAM usiku wonse, ndipo muchite zimenezi achimwene anu asananyamuke kubwerera ku Johannesburg, kuti ngati yapezeka ndi vuto adzaitenge pamodzi ndi lisiti lake. Pa ndalama zimene mwapulumutsa posagula DDR5, patulani zogulira UPS, chipangizo cha batire choteteza kompyuta magetsi akazima, chifukwa magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu, chimene chimayamba kupsa ndi power supply, bokosi logawa magetsi m'kompyuta, ndipo nthawi zina imapita pamodzi ndi motherboard.