Mtondo, batire kapena mzinga? Mayankho kwa olemba za nkhondo

Funso: Ndikulemba mbiri ya agogo anga amene anamenya nkhondo ku Burma ali mu Keyala (gulu la asilikali la King's African Rifles). Pepala lina lachingerezi likutchula mortar battery, ndipo mwana wina wandimasulira kuti "batire la mtondo". Kodi ndilembe choncho?

Yankho: Ayi bambo, musatero. Wowerenga akaona mtondo aganiza za kusinja, akaona batire aganiza za wailesi. Chida chomwe mukunenacho ndi mzinga, koma wamtundu wakewake: waufupi, wopanda mizere m'kati mwa mpope, ndipo bomba lake amalilowetsa cha kukamwa. Mpope umaimikidwa chopendekeka pakati pa madigiri 45 ndi 80, moti bomba limakwera m'mwamba nkugwera mdani kuchokera kumwamba, ngakhale atabisala kuseri kwa phiri kapena m'ngalande. Poyamba lembani kuti "mzinga woponya mabomba m'mwamba", kenako muzingoti mzinga. Liwu linalo, battery, likunena za anthu pamodzi ndi zida zawo, ndiye muti "gulu la mizinga".

Koma muonetsetse kuti agogowo anali gulu liti, chifukwa magulu sankafanana. Pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, kuyambira 1916, brigedi (gulu la asilikali zikwi zingapo) iliyonse ya Angerezi inali ndi gulu lake la mizinga 8 ya mtundu womwe Wilfred Stokes anapanga mu 1915. Pa nkhondo yachiwiri, mzinga wotchedwa wa mainchesi atatu, womwe kukamwa kwake kunali mamilimita 81, unali m'manja mwa asilikali oyenda pansi: batalioni (gulu la asilikali mazana angapo) inali ndi kagulu kamodzi ka mizinga 6. Ku Burma, kumene nkhalango ndi mapiri zinkatsekereza mizinga ikuluikulu, magulu ena a mizinga ikuluikuluyo anapatsidwa mizinga yaing'onoyi, 16 pa gulu. Asilikali a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia anali m'gulu lalikulu la asilikali lotchedwa 11th East African Division, lomwe linadutsa chigwa cha Kabaw m'nyengo yamvula mu 1944 mpaka kukafika ku mtsinje wa Chindwin. Ngati agogo anali m'batalioni ya Keyala, muti "kagulu ka mizinga ka m'batalioni mwawo". Mukati gulu la mizinga 16 mwawasamutsira kwina.

Funso: Kodi mzinga umenewu amauwomba, amauwombera kapena amauponya?

Yankho: Mawu onse atatu ali ndi malo ake. Timawomba mzinga, timawombera mdani, timaponya bomba. Chiganizo choti "anawombera mzinga" chimatanthauza kuti mzingawo ndiwo unali chandamale. "Anaponya mzinga" chimamveka ngati ananyamula chitsulo chonsecho nkuchitaya, ngakhale masiku ano ena amanena choncho za mizinga youluka yokha ija. Pa chida ichi ine ndingasankhe kuti "anaponya mabomba ndi mzinga". Ndipo musalembe kuti msilikali anakoka kapena kukhethemula chowombera. Panalibe chokoka. Ankangosiya bomba kukamwa kwa mpope, lokha nkutsetserekera pansi, nkukagunda kamsomali kosasuntha komwe kanali kutsinde. Apo wonga unkayaka, bomba nkutuluka.

Funso: Ndine mphunzitsi ndipo ndikufuna mayina a ziwalo za chidachi. Komanso chotulukacho ndi chipolopolo kapena bomba?

Yankho: Ndi bomba, aphunzitsi. Chipolopolo chimavulaza polasa, pomwe ichi chimaphulika chikafika. La mzinga wa mainchesi atatu uja linkalemera makilogalamu 4.5, ndipo analipo ophulika, otulutsa utsi wobisa asilikali, ndi owalitsa usiku. Kumchira kwake kunali zipsepse zoliwongolera kuti ligwe chamutu. Pakati pa mchirawo panali kachipolopolo koyatsira, ndipo m'mipata ya zipsepse ankaikamo timapaketi ta wonga, tochuluka pofuna kutali, tochepa pofuna pafupi. Mizinga yoyambirira ya mainchesi atatu inkafika mamita pafupifupi 1,460, yokonzedwa pambuyo pake pafupifupi 2,560.

Mzinga weniweniwo unkagawika patatu ponyamula, ndipo zonse pamodzi zinkaposa makilogalamu 50. Pali mpope, liwu lomwe timagwiritsa kale ntchito pa mfuti. Pali miyendo iwiri yochirikiza mpope, yokhala ndi zopukusa zokwezera ndi zotembenuzira. Chachitatu ndi chitsulo chafulati chokhala pansi, cholandira mphamvu yonse mzinga ukalira. Muchitche "chitsulo chapansi" basi, osavutika kupeka liwu lomwe ana sakalimvanso kwina. Pambali pa mpope pankamangidwa choyang'anira, chomwe ankalozetsa pa ndodo yozikidwa kutsogolo, popeza nthawi zambiri owombawo sankamuona mdani.

Apa mpamene olemba ambiri amasokoneza. Amalemba kuti "msilikali anawomba mzinga" ngati inali ntchito ya munthu mmodzi. Pamzinga pankakhala anthu atatu: woyamba kulozetsa, wachiwiri kulowetsa bomba, wachitatu kukonza mabomba ndi kumupatsira mnzakeyo. Kutsogolo kunkakhala wina woona pomwe bomba lagwera, nkumatumiza mawu pa lamya kapena pa wailesi kuti awonjezere, achepetse, apite kumanja kapena kumanzere. Ndiye mneni akhale wa ambiri: anawomba, analozetsa, anasuntha. Ndipo musaiwale onyamula mabomba. Mzinga unkameza mabomba mofulumira kuposa mmene anthu ndi nyulu ankawabweretsera, moti m'matope a ku Kabaw kusenza kunali ntchito yaikulu kuposa kuwomba.

Funso: Ndinamva mkulu wina akuti "mzinga unakana". Kodi ndi Chichewa chabwino?

Yankho: Nchabwino kwambiri, monga timanenera kuti mfuti yakana. Musachisinthe kukhala "unalephera kugwira ntchito", chomwe nchachitali komanso sichikunena chomwe chachitika. Kukana ndi pamene bomba lalowa koma silinatuluke, mwina chifukwa mpope wadzaza mwaye ndi dothi moti bomba latsetsereka pang'onopang'ono, kapena kachipolopolo kanyowa. Zikatero ankadikira kaye, kenako nkumasula mpope pa chitsulo chapansi, nkutukula tsinde pang'onopang'ono kuti bomba litsetserekere m'manja mwa wachiwiri uja, atagwira m'mbali mwa kamwa. Akatukula tsinde sankalibwezanso pansi bomba lisanatuluke, kuopa kuti lingabwerere nkukagunda kamsomali. Choopsa koposa chinali kulowetsa bomba lina pamwamba pa lokanalo osadziwa, chifukwa mpope unkaphulika pomwepo pakati pa anthu ake.

Musiyanitse kukana ndi kuperewera. Bomba laperewera ngati latuluka koma lagwa lisanafike, nthawi zina pakati pa asilikali anzawo omwe. Wonga wonyowa unkachititsa zimenezi, komanso chitsulo chapansi chikamatitimira m'dothi lofewa, nchifukwa chake mabomba oyamba ankakhala okhazikitsira chitsulocho, ndipo pansi pake ankaikapo matumba a mchenga kapena zipika. M'nkhalango ankayamba ayang'ana kumwamba, chifukwa bomba likakhudza nthambi limatha kuphulikira pamutu pa owomba. Limenelo muti "laphulikira m'mitengo".

Funso: "Mizinga zisanu" kapena "mizinga isanu"?

Yankho: Isanu. Mzinga umodzi, mizinga iwiri. Bomba limodzi, mabomba awiri. Gulu la mizinga, kagulu ka mizinga.