Kodi mbewa za mu labotale zikutiuza chiyani za mwana wa m'mimba?

Funso: Ndimamwa sodium valproate chifukwa cha khunyu, ndipo ine ndi bambo akunyumba tikufuna mwana. Mng'ono wanga amene akuphunzira unamwino akuti mankhwalawa amawononga ubongo wa ana a mbewa. Ndisiye kumwa? Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu.

Yankho: Mayi, chonde musasiye panokha. Kugwa khunyu muli ndi pathupi kungakupheni inu ndi mwana yemwe. Koma mng'ono wanu sakunama.

Mbewa imakhala ndi bere masiku 19 mpaka 21. Cha pa tsiku la 8, kamwana kake kamakhala ndi kangalande kumsana. M'mbali mwa kangalandeko mumapindika n'kukumana, kupanga kachubu kamene kamadzasanduka ubongo ndi mtsempha wa mumsana. Akatswiri akaibaya valproate tsiku limenelo, kachubuko sikatseka kumutu, ndipo kamwanako kamapezeka kopanda chigaza pamwamba, ubongo uli poyera. Akaibaya kachubu katatseka kale, chilema chimenechi sichioneka.

Kwa munthu kachubuka kamatseka pofika tsiku la 28 chitengereni pathupi, pamene amayi ambiri angoyamba kudabwa kuti mwezi wawadumpha. Mwa amayi 100 omwa valproate, mmodzi kapena awiri amabereka mwana wa msana wosatseka, ndipo ochulukirapo amabereka ana ovutika kuphunzira. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musadikire tsiku loyamba sikelo. Pitani ku Mzuzu Central Hospital musanaime, mukawauze adokotala kuti mukufuna mwana. Mankhwala ena a khunyu alipo. Mukafunsenso za vitamini wotchedwa folic acid, amene kafukufuku wa mu 1991 anasonyeza kuti amachepetsa kwambiri zilemazi, ngakhale kuti payekha sachotsa chiopsezo cha valproate.

Ine chondidetsa nkhawa china kuno kwathu ndi chimanga. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kutha, chimanga chimachita chuku chisanaume. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa fumonisin, ndipo akaupereka kwa mbewa za bere, ana ake amabadwa ndi chilema chomwechi. Mayi anga ankakhala pamphasa ndi lichero, kutaya kanjere kalikonse kofiirira kapena kosweka asanapite kuchigayo. Teroni nanunso, ndipo chimangacho mukonoletse, chifukwa poizoni wambiri amatsalira m'gaga.